Mango a Ababa pa Mtengo wa pa Dzala

Ndikukumbukira fungo la dothi lonyowa pa nthawi imene dziko lonse linali gwaa, louma. Kwathu, kufupi ndi Nsanama, mwezi wa Okutobala fumbi limalowa mpaka m'mano, koma kunali malo amodzi kumene kunkazizira ngati mvula yangokata kumene. Unali munda wa zomera, wotchingidwa ndi mpanda wa waya, ndipo anthu ankangoti ku Gadeni. M'katimo munali mibawa, milombwa, misuku, bwemba, chammwamba ndi mitengo ina imene sindinaionenso kwina kulikonse. Mtengo uliwonse unali ndi kachitsulo kolembedwa dzina lalitali lachizungu. Ababa ankaseka akaona zimenezo. Ankati, "Taona Patuma, mpoza womwe uja watchuka. Wapeza dzina la kusukulu."

Loweruka lililonse anthu a m'midzi yozungulira ankapita kumeneko kukaphunzira. Amene ankatiphunzitsa anali Mayi Nkhoma, mlangizi wamfupi wovala chipewa chachikulu cha mlaza, amene mawu awo ankamveka mpaka kumsewu. Ankationetsa kapangidwe ka manyowa, kathiridwe ka dothi m'machubu, ndi kafesedwe ka mbewu za mitengo mu nazale. Ine ndinali mwana wamanyazi kwambiri. Munthu akandifunsa dzina ndinkaluma kolala ya diresi n'kubisala kumbuyo kwa ababa. Mayi Nkhoma sanandikakamize kuyankhula. Anangondipatsa keni yaing'ono kuti ndizitunga madzi pa mjigo n'kumathirira timitengo. Ntchito imeneyo ndinkaikonda chifukwa timitengo sitifunsa mafunso.

Ababa anali mkamwini. Kwawo kunali ku Rivirivi, ku Balaka, ndipo anabwera kudzakhala kwa amayi monga mwa mwambo wathu. Anali munthu wofatsa, wolima kwambiri, koma nkhani yawo inali imodzi: mango a kwawo. Ankati pakhomo pa amayi awo panali mtengo wa mango opanda ulusi, ofewa ngati papaya, onunkhira moti ukadya limodzi manja ankanunkhirabe ngakhale usambe ndi sopo. Ife tinazolowera kalisere, timango tating'ono taulusi totsalira m'mano tsiku lonse. Amalume, achimwene awo a amayi, a Che Saidi, ankawaseka. "Alamu, mango anuwo amakoma pakamwa panu pokha. Chaka chino tawamva, chaka chatha tinawamva. Takhuta nawo m'makutu."

Tsiku limene Mayi Nkhoma anayamba kuphunzitsa kumezanitsa, ndinaona ababa atasintha. Anasiya kuima kumbuyo, anafika kutsogolo penipeni. Mlangizi anatenga kamtengo ka mango ka m'chubu, anakadula mutu n'kukang'amba pakati. Kenako anatenga kanthambi ka mtengo wina, anakasema mbali ziwiri ngati nsonga ya nkhwangwa, n'kukalowetsa pong'ambapo. Anamanga ndi kapulasitiki kodulidwa ku pepala la shuga. "Khungwa likumane ndi khungwa," ankatero mobwereza. "Mizu ndi ya uyu, zipatso ndi za uyu. Akagwirizana, ndi mtengo umodzi." Ababa anafunsa ngati kanthambi kangayende ulendo wautali osafa. Anawayankha kuti kangathe, bola kakulungidwe m'kansalu konyowa ndipo kasaone dzuwa.

Pasanapite nthawi yaitali kunachitika sadaka ya agogo ku Rivirivi. Ababa anapita, ndipo pobwera ananyamula tinthambi ta mango a kwawo aja, towonda ngati pensulo, tokulungidwa m'chidutswa cha thumba chonyowa. Sanakhalitse kunyumba. Anadzanditenga n'kupita nane ku Gadeni, ngakhale silinali tsiku la maphunziro. Manja awo, amene ankagwira khasu osatopa, sanazolowere lumo. Tinthambi tina anatiwononga posema. Kamodzi kokha ndi kamene kanalowa bwino pa kamtengo ka m'chubu. Anati ine ndimange chifukwa zala zanga zinali zing'onozing'ono. Tinakasiya pamthunzi mu nazale, ndipo Loweruka lililonse ndinkathamangira kaye pamenepo. Tsiku lina ndinapeza timasamba tofiirira, tofewa ngati khutu la mbuzi yobadwa kumene. Ndinakoka malaya a ababa. Anagwada, anayang'ana nthawi yaitali, n'kuti, "Amayi anga afika."

Mvula itayamba, aliyense analoledwa kutenga kamtengo kake kupita nako kwawo. Ababa anakanyamula m'manja njira yonse, osakaika pa njinga. Atafika anasankha malo kuseri kwa khitchini n'kuyamba kukumba. Dzenje lisanafike m'mawondo, amalume anatulukira.

"Alamu, dzenje ili ndi la chiyani?"

"Ndi la kamtengo aka, alamu. Mango aja ndimanena aja."

"Iyayi. Chimanga dzalani, chinangwa dzalani, nandolo dzalani. Zimenezo timakolola n'kuiwala. Koma mtengo? Mawa abale anu adzabwera kuno kudzati pano ndi pa mtengo wa m'bale wathu. Malo ano ali ndi eni ake."

Sanakalipe. Anayankhula mwaulemu, manja ali kumbuyo, ndipo mwina ndi chimene chinapweteka kwambiri. Amayi anali pakhonde akupeta mpunga. Lichero linaima pang'ono, kenako linapitiriza. Ababa anangoti, "Ndamva, alamu," n'kuyamba kukwirira dzenje lija ndi khasu lomwelo.

Kamtengo kaja kanakhala m'chubu kuseri kwa bafa. Ndinkakathirira m'mawa ndi madzi otsala mu ndowa. Mizu yake inkaboola chubu pansi kufuna dothi, ndipo ababa ankakanyamula n'kukasuntha pang'ono kuti kasazike mizu, poopa kuti anganenedwe kuti adzala mobisa. Ndikamaganiza za ababa lero, chimene ndimaona ndi chimenecho: munthu wamkulu atawerama kuseri kwa bafa, akusuntha kamtengo kuchoka apa kukaika apo. Dzinja linatha, chisanu chinadutsa, kunayamba kutentha. Masamba anayamba chikasu, ena kugwa. Mayi Nkhoma atamva anapukusa mutu. Anati mtengo sungakhalitse m'chubu, mizu imadzizinga yokha mpaka kufa. Kubwerera nako ku Rivirivi kunalibe phindu, chifukwa mtengo wake unali komweko. Ababa ankafuna mango awo pamene panali mwana wawo.

Loweruka lina, kutatentha kwambiri, Mayi Nkhoma anatitengera kumapeto kwa munda kumene kunali mtengo wa mango woima kale pansi. Anati kumezanitsa si kwa timitengo ta m'machubu tokha. Ngakhale mtengo umene unamera kale ukhoza kulandira nthambi yachilendo, bola upeze mphukira yanthete. Anthu ankafunsa mafunso, ena ankaseka kuti ndiye kuti mtengo umodzi ubala mitundu iwiri ngati sitolo. Ababa maganizo anali kutali. Ine ndinakumbukira chinthu. Kunyumba kwathu, pa dzala pamene tinkataya zinyalala ndi phulusa, panali mtengo wa kalisere wotalika ngati munthu. Palibe anaudzala. Unangomera wokha kuchokera ku njere imene wina anataya. Ndinkafuna kunena, koma anthu anali ambiri. Ndinakoka malaya a ababa mpaka anawerama, ndipo ndinawanong'oneza m'khutu kuti, "Wa pa dzala uja."

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. Kenako anaseka mokweza mpaka Mayi Nkhoma anasiya kuyankhula. "Bambo ake a Patuma, kodi ndanena zoseketsa?" Ababa anati, "Iyayi mayi, mwana uyu wayankhula." Anthu onse anatembenuka kundiyang'ana, ndipo ine ndinaluma kolala yanga mpaka inanyowa.

M'mawa mwake ababa ananola lumo pa mwala. Anadula nsonga ya kamtengo ka m'chubu, pamene panali patatsala moyo, n'kupita nayo pa dzala. Pankanunkha phulusa lonyowa ndi makoko a nandolo, nkhuku zikupalasa m'mapazi mwathu. Anasankha mphukira yabwino ya kalisere uja, anaidula, anaing'amba, analowetsa kanthambi. Ine ndinakwera pa mtondo wogadabuza kuti ndifikire, ndipo ndinamanga mothina monga anatiphunzitsira. Tisanamalize, amalume anafika ndi mswachi wawo kukamwa.

"Alamu, mwayambanso?"

"Sindinakumbe dzenje, alamu. Taonani, khasu lili m'nyumba. Mtengo ndi wanu, mizu ndi yanu. Ine ndangobwereka nthambi."

Amalume anauzungulira mtengowo, anayang'ana pansi, anayang'ana kapulasitiki. Zinkaoneka kuti akufunafuna pamene mwambo waphwanyidwa koma sakupapeza. "Nanga mango ake adzakhala a ndani?"

Ababa asanayankhe, amayi anayankhula ali pakhomo la khitchini, chikho chili m'manja. "Adzakhala a Patuma, achimwene. Wamanga ndi iyeyo. Kapena Patumanso ndi mlendo pano?"

Amayi sankawayankha amalume pa nkhani za pamudzi, ndipo tsiku limenelo ndi lokhalo limene ndinawamva akutero. Amalume analavula timitengo ta mswachi, n'kunena kuti, "Zigwire kaye," n'kumapita.

Zinagwira. Timasamba tofiirira tija tinatulukanso, pamwamba pa mtengo wa pa dzala. Ababa anazunguliza minga kuti mbuzi zisafike, ndipo ankathothola mphukira za kalisere zimene zinkafuna kuphimba nthambi yawo. Nthambiyo inakula, inanenepa, inapanga nthambi zake. Chaka chimene inayamba maluwa pang'ono, ababa anawathothola onse, ati Mayi Nkhoma ananena kuti mtengo waung'ono usafulumire kubala. Ine ndinalira. Anandisisita mutu n'kuti, "Chaka chamawa, Patuma. Udzadya mpaka kudwala m'mimba."

Chaka chamawacho iwo kunalibe. Anadwala chifuwa nthawi yokolola, ndipo chisanu chisanathe anatisiya. Abale awo anabwera kudzatenga thupi, anakawaika kwawo ku Rivirivi. Sukulu ndinalekera pomwepo, ndipo ku Gadeni sindinapitenso, chifukwa ndinalibe munthu wobisala kumbuyo kwake.

Mango anapsa mvula yoyamba itagwa. Anali ochepa, akuluakulu, achikasu chofiirira. Amayi anatsuka limodzi n'kundituma kuti ndikapereke kwa amalume. Ndinagwada n'kuwapatsa. Analisenda ndi mpeni, analuma, madzi ake anatsikira m'ndevu mpaka pa mkanjo. Anadya lonse, anayamwa njere mpaka inayera, kenako anafunafuna ulusi m'mano ndi lilime koma sanaupeze. Anayang'ana ku dzala. "Alamu sankanama," anatero. Ananyamuka n'kulowa m'nyumba, ndipo sanatulukenso mpaka nthawi ya swala.

Lero ndine mayi, mwana wanga wayamba kumene kuyenda. Zinthu zasintha. Timitengo tomezanitsa kale timagulitsidwa pamsika pa Nsanama, pafupi ndi tomato, ndipo anthu ambiri sadziwa kuti kapulasitiki kaja amamangira chiyani. Ku Gadeni amaphunzitsabe, koma Mayi Nkhoma anapuma n'kubwerera kwawo, ndipo mibawa ija yatalika moti ndikadutsa pa mpanda ndimadziona wamng'ono kuposa kale. Amuna anga nawonso ndi mkamwini. Chaka chatha anadzala mapeyala awiri pakhomo, ndipo amalume, amene tsopano akuyenda ndi ndodo, anangowauza kuti atalikitse ndi chimbudzi. Ndinasangalala, komanso ndinaganiza za dzenje lija limene linakwiriridwa lisanalandire kanthu.

Miyezi yapitayo azakhali, achemwali awo a ababa, anatumiza uthenga kuti mtengo wa mango wa ku Rivirivi kulibenso. Anyamata anaudula n'kuwotchera njerwa. Ndiye kuti mango a agogo anatsala malo amodzi okha padziko, pa dzala la kwathu. Ndinafesa njere ya kalisere m'chubu, ndinadikira kuti ikule, ndinadula kanthambi pa nthambi ya ababa. Manja anga sanaiwale. Khungwa linakumana ndi khungwa.

Mvula itayamba ndinabereka mwana, kamtengo kali m'manja, n'kukwera minibasi ya ku Liwonde, kenako ina ya ku Balaka. Njira yonse ndinkakonza mawu, chifukwa kumeneko mlendo ndine. Kwathu ndi kwa amayi. Ndinkati ndikapempha mtengo uliwonse womera wokha, ngakhale wa pa dzala, kuti ndisavute anthu. Nditafika ndinakhala pamphasa, ndinapereka moni, koma mawu aja anathawa. Ndinangoika kamtengo patsogolo pa azakhali. Ananunkhiza tsamba, anandiyang'ana, ndipo maso awo ananyowa. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi khasu.

"Ndipatse mwanayo ndikuberekere," anatero. "Kumba pamene ukufuna. Kumba lakuya."

Ndinasankha pafupi ndi chitsa cha mtengo wakale. Dothi linali lofewa, likununkhira ngati ku Gadeni Loweruka m'mawa. Ndinakumba mpaka dzenje linapitirira m'mawondo, ndipo palibe anabwera kudzandifunsa kuti ndi la chiyani.