Phazi Langa pa Simenti ya Mjigo

Tsiku limene mmisiri anathira simenti pa mjigo watsopano wa m'mudzi mwathu, kufupi ndi Ngabu, ine ndinapondapo. Sindinachite dala. Ndinkayenda maso ali pa pepala, mwachizolowezi changa, ndiye ndinangomva phazi lakumanja likumira, nyuu, mpaka m'kakolo.

Pepalalo anandikulungiramo mchere kugolosale. Sukulu ndinaisiya isanandizolowere, choncho kuwerenga ndinadziphunzitsa ndi mapepala otere. Limeneli linali la Chingerezi, chimene ndimachiwerenga ngati wodya nsomba yaminga: zolavula zambiri, zomeza pang'ono. Mbali imodzi panali chithunzi cha chipilala chachitali chimene anthu a dziko lina anamangira amuna ouluka kupitirira mitambo. Mbali inayo panali chidindo cha nsapato pa fumbi la kumwezi. M'munsi mwake analemba kuti kumeneko kulibe mphepo, kulibe mvula, ndiye phazilo silidzafufutika.

Mawu amenewa ndiwo anandilasa. Bambo anga anaolotsa anthu pa Shire moyo wawo wonse ndi mwadiya, bwato la mtengo umodzi, ng'ona uku, mvuu uku. Manda awo madzi osefukira anasalaza, pamwamba pake anthu amalima mapira. Kwathu kuno ukaponda m'mawa, pofika masana mbuzi zafufuta. Koma wina wangoponda kamodzi, atavala nsapato, basi chipilala! Nsanje inandikwera mpaka pakhosi.

"Bambo inu, maso mwawasiya kunyumba?" anakuwa mmisiri uja, akuthamanga ndi chitsulo chake chosalazira. Amayi amene ankamutungira madzi anachita kugwira nthiti ndi kuseka.

Nditazula phazi, ndinayang'ana pansi. Zala zonse zinatuluka bwinobwino, ndi ming'alu ya kuchidendene yomwe. Mtima unati: ili lokha lisafufutike.

"Pepani amisiri. Koma musanasalaze, taonani ichi. Mukudziwa kuti kumwezi kwapita anthu?"

"Anakatenga chiyani?"

"Miyala."

"Miyala? Yosowa kuphiri kuno?"

Ndinamukokera pansi pa mtengo wa masau n'kuyamba kumuwerengera. Pamene Chingerezi chinandikanika, ndinkawonjezera zanga. Ndinkadalira dzuwa la kwathu, limene silinyengerera munthu kapena simenti. Pomwe mmisiri ankadzuka, chitsulo chake chinangolira, kwee. Ananditukwana mu Chisena, ine n'kuyankha kuti takhuta, ndiye kuti zikomo.

Ndinayesa kuti nsanje yatha. Ayi ndithu. Phazi la mnzanga wa kumwezi lija lili m'mapepala a dziko lonse. Langa amayi ankatsukirapo mapoto, akudandaula kuti likusunga matope. Palibe anabwera kudzalijambula. Ana okha ndiwo ankayezamo timapazi tawo, n'kumati mwini wake ngwa chala chokhota. Mwezi ukatuluka ndinkauyang'ana ndi diso loipa, ngati munda wa thonje wa mnzako umene wabereka kuposa wako.

M'chilimwe chotsatira, madambo atauma gwaa, mnansi wanga wina, bambo woweta abakha, anandipeza nditaima pamjigopo, ndikudandaula kuti phazi langa lilibe ulemu. Iye anadikira mpaka anapiye a bakha atafika, n'kuzungulira timadzi totsalira m'chidendene muja.

"Achimwene, kudandaula kwanu sindikukumva," anatero. "Lanuli abakha anga akumweramo tsiku lililonse. Nanga la kumwezilo akumweramo ndani?"