Anamupempha Achedweko Kufa

Mlongo wanga Malcolm Tetlow anabadwa masiku asanakwane, ndipo chiyambire pomwepo sanachedwepo paliponse. Moyo wake wonse ankagawa mkaka m'makomo a ku Rotherham, mabotolo akugundana kumbuyo kwa kagalimoto kake anthu akadali m'mabulangete. Pa ukwati wake anafika tchalitchi chisanatsegulidwe, mpaka anathandiza wosesa. Mabotolo omwewo ndi amene anamugulira kanyumba kake, kaja khoma lake limatuluka thukuta nthawi yozizira. Mkazi wake atamwalira, analerera momwemo mwana wawo mmodzi yekhayo, Leanne.

Ndiye kunabwera Craig. Wogulitsa mafoni, nsapato zosongoka, fungo ngati wagwera mu sitolo ya sopo. Munthu woti ukamupatsa tiyi amayamba wafunsa kuti masamba unagula zingati. Anamuveka Leanne mphete, n'kupeza nyumba yatsopano yoti agule, zija zofanana ngati mazira. Aliyense wa awiriwa ankasunga ndalama zake kubanki, poti boma limawonjezerapo kangachepe kwa munthu amene akugula nyumba koyamba. Mukagula awiri, mabonasi awiri. Koma dzina lako likangokhalapo pa nyumba ina, kaya ndi yamasiye, bonasi yako yapita. Lamulo limeneli Craig analiloweza kuposa pemphero.

Khansa itamudya Malcolm m'mapapo, achipatala anamubweza kunyumba. Bedi tinamuikira pabalaza. Makiyi a nyumba yatsopano ija anali asanatuluke, loya ankati mwezi wamawa.

Tsiku lina masana, Leanne ali kuntchito, Craig anatulukira ndi mphesa m'kapepala. Ine ndinali kukhitchini, chitseko chosatseka.

"Madala, lero ndiye mukuoneka bwinotu!"

"Ndikuoneka ngati nkhuku yovumbwa. Wadzatani?"

"Ayi, kudzangokuonani. Kungoti... nyumba ino munalembera Leanne, eti? Ndiye mukati mwatisiya makiyi asanatuluke, iyeyo sakhalanso wogula koyamba. Bonasi yake ipsa. Mutangolimbako pang'ono, madala. Komanso mankhwala opha ululuwa, anthu amati amafulumizitsa munthu."

"Iwe, ukundipempha kuti ndichedwe?"

"Si za ine ayi. Ndi za Leanne."

Mphesa zija anadya yekha, n'kumasiya timitengo pa bulangete la wodwala.

Malcolm anaseka mpaka chifuwa chinamutsamwitsa. Koma kanyamata kaja kanadziwa pobaya. Dzina la mwana wake linamulowa mumtima, ndipo kuyambira tsikulo mankhwala anawakana. Nesi anamuuza kuti zofulumizitsazo n'zam'maluwa, iye osamva. Ululu ukabwera ankaluma pilo, thukuta kamukamu, maso ali kudenga. Munthu amene ankanyamula makireti awiri dzanja limodzi, akulimbana ndi imfa chifukwa cha ndalama yosakwana n'kugula sofa yabwino yomwe!

"Maureen, usamuuze mwanayo," anandiuza. "Ndinalephera kumupititsa kukoleji. Ichi chokha ndimuchitire."

Ine pakamwa panga sipasunga zowola. Leanne atangofika ndinamukhuthulira zonse, jekete asanavule.

Sanalire. Anatenga botolo la mankhwala ndi supuni, n'kukhala pa bedi.

"Adadi, mwandiyesa mwana wogulitsa bambo ake?"

"Mwana wanga, ndi nyumba yako ija. Ili ndi bafa ziwiri."

"Ndili ndi thupi limodzi ine. Nyumba yanga ndi yonyowa ino. Yasamulani."

"Nanga Craig?"

"Craig akalume pilo wake. Yasamulani, ndati."

Anayasamula. Anagona tulo tabwino, mkonono wake uja wa kale mpaka galu wa neba anauwa. Atadzuka anapempha tiyi wa shuga wambiri, n'kunena kuti, "Kunena zoona, kuchedwa kumandinyansa."

Anapita m'mawa, nthawi ya mkaka, makiyi akadali m'dirowa ya loya.

Titaika maliro tinapita kukalabu ya anthu apantchito, kumene Malcolm ankachita masewera oponya timivi pa bolodi Lachisanu lililonse. Anzake akale akufotokoza momwe ankawagogodera pazenera akagonereza, Craig anamukokera Leanne pakona, soseji kukamwa.

"Bebi, ndaganiza. Mapepala amasiyewa atati achedweko, mwina loya sangaone."

Ndinamva ndi makutu angawa. Dothi la kumanda likadali ku nsapato zake zosongokazo!

 M'mawa mwake Leanne anatsuka botolo la mkaka, anaponyamo mphete ija, n'kuliika panja pakhomo, momwe timaikira mabotolo obweza. Craig anabwera kudzatenga mphete yake, ndipo botolo lomwe anapita nalo.

Leanne akukhala m'nyumba ya bambo ake. Khoma likutulukabe thukuta, wangosunthako kabati. Craig ndimamuona pa basi nthawi zina. Akukhala kwa mayi ake, m'chipinda chomwe anakuliramo, ndipo mpaka lero adakali wogula koyamba.