Chaka chimene galimoto zakale zinadutsa pa Nkope

Pakhomo pathu ku Nkope panali mbale imodzi imene siinali mbale. Chinali chivundikiro cha tayala la galimoto, chachitsulo chonyezimira, chopindika mbali imodzi pamene chinagunda mwala. Amayi ankathiramo madzi a abakha. Ndikaweramira pamenepo ndinkaona nkhope yanga itatambalala ngati ya chule, mphuno yaikulu, maso uku ndi uku. Abambo ndiwo anachitola pamsewu tsiku limene galimoto zakale zinafika, m'chilimwe chimene ndinali mu Sitandade 3. Mwini wake atachiona kuti chapindika anawauza kuti achitaye, iwo n'kubwera nacho kunyumba.

Chilimwe chimenecho dzuwa linalusa. Nyenje zinkalira m'mitengo mpaka m'makutu kuwawa, ndipo popita kusukulu tinkadumphira pamthunzi uwu ndi uwo chifukwa mchenga unkaotcha mapazi. Mudzi wonse unkanunkha usipa woyanikidwa pathandala. Abambo ankayendetsa lole ya hotela ina ya kunyanja, kututa nkhuni, mchenga ndi makreti. Iwo sanali a ku Nkope. Anali mkamwini pamudzi wa amayi, ndipo anthu ankawatchulabe kuti a ku Mozambiki ngakhale anabwera kuno ali mnyamata, pothawa nkhondo. Za kwawo sankazinena. Ine ndinkangoti anthu ena amakhala ndi agogo mbali ziwiri, ena mbali imodzi, monga momwe ena amakhalira aatali ena aafupi.

Tsiku limene galimotozo zinafika, aphunzitsi anatitulutsa m'kalasi n'kutindandalika m'mbali mwa msewu. Zinabwera pang'onopang'ono, motsogozana, zina zopanda denga, zina zokhala ndi nyali zotuzuka ngati maso a nkhanu. Panali yofiira ngati mkati mwa chivwende, ina yobiriwira yokhala ndi lipenga la mphira pambali. Okweramo anali azungu okalamba, amuna atavala zipewa zachikopa, akazi atamanga mipango kumutu, nkhope zitapsa ndi dzuwa. Aphunzitsi anatiuza kuti anthuwo anali a kalabu ya okonda galimoto zakale, achokera kutali kum'mwera, ndipo akapuma kuhotela adzadutsa pa Chiponde kulowa Mozambiki mpaka kukafika kunyanja yamchere. Anatinso galimotozo zinali ndi zaka zambiri kuposa agogo athu, ndipo tiphunzirepo kuti chinthu ukachisamala chimakhalitsa. Mawu amenewa ndinawakonda kwambiri nthawi imeneyo. Lero ndikawakumbukira ndimakumbukiranso kuti theka la kalasi lija linali ndi zipere kumutu, ndipo ena mwa amene ankabayibitsa galimotozo tsiku limenelo sanafike Sitandade 8.

Masana tinkapita kukasuzumira pampanda wa hotela. Ndinaona mayi wina wa imvi akupukuta galimoto yake ndi kansalu kachikasu kofewa, akuuzira mpweya pachitsulo n'kupukutanso. Dzuwa likakwera ankaifunditsa nsalu yaikulu yoisokera dala. Sindikuwada anthu amenewo. Anatipatsa maswiti, ndipo palibe choipa chimene anatichitira. Anali paulendo wawo, ife tinali m'mbali mwa msewu.

Kenako tinamva kuti akufuna munthu woyendetsa lole yonyamula matayala, mafuta ndi madzi kumbuyo kwawo, wodziwako Chipwitikizi ndi Chiyao, ndipo mwini hotela anatchula abambo. Mapepala a pamalire anati awakonzera okha. Ine ndinathamanga mudzi wonse kulengeza nkhaniyo.

Koma m'nyumba munalibe chisangalalo. Mlongo wanga wamwamuna wamng'ono, amene anali atangoyamba kuimirira chogwira khoma, anali atatentha thupi. Ankakana bere, ankangolira mofooka ngati kamwana kambuzi. Amalume, achimwene awo a amayi, amene ndiwo anali mwini mbumba pamudzipo, anabwera m'mawa wina n'kukhala pamtondo wogwadika. Anauza abambo kuti mwana akadwala mwamuna sachoka pakhomo, ndipo azunguwo apeze munthu wina. Abambo anangoyang'ana pansi, n'kunena kuti ndi masiku ochepa chabe. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti amayi, amene sankaopa kulankhula, sanaikepo mlomo. Anachapa malaya a abambo, n'kuwakazingira chimanga cha panjira.

Ananyamuka m'mawa dzuwa lisanatenthe. Galimoto zinadutsa zikuliza malipenga, ndipo pamapeto penipeni panabwera lole, abambo ali pachiwongolero. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa. Iwo anakweza dzanja koma maso awo anali kutsogolo, kumene msewu umalowera ku boma. Amayi sanabwere kumsewu.

Masiku otsatirawo ine ndinali mfumukazi kusukulu. Aphunzitsi anajambula mapu pabolodi, mzere wa choko kuchoka pa Mangochi, kuwoloka Shire, kukwera mapiri a ku Chowe, kudutsa malire, mpaka pamene analembapo kuti nyanja yamchere. M'mawa uliwonse ankandiitana kuti ndiloze pamene ndikuganiza kuti abambo afika. Ndinkabwerera pamalo panga choko chili kuchala, osafuna kusamba.

Kunyumba mwana ankangoipiraipira. Amayi anapita naye kuchipatala, anapatsidwa mankhwala a malungo, ndipo anaoneka ngati wapezako bwino. Kenaka zikhatho zake zinayera ngati ufa. Ndimakumbukira fungo la m'nyumbamo, la thukuta ndi matewera osauma bwino, ndi ntchentche zimene anandituma kuti ndiziingitsa ndi kanthambi ka nimu. Ndinkaingitsa kwinaku ndikumuuza mwanayo za galimoto yofiira. Tsiku lina masana anayamba kugwedezeka thupi lonse, maso atatembenuka. Amalume anakweza amayi panjinga, mwana ali kumsana, ine n'kutsala ndi amayi aang'ono. Kuchipatala anati magazi amuthera ndipo apite naye ku boma. Anadikira galimoto pamsewu. Mwanayo anatsirizikira pomwepo, pansi pa mlambe wa pasiteji, matola isanabwere.

Kwathu ndife Asilamu, maliro sagonera. Mafoni anali asanafike m'midzi, ndipo ngakhale akanakhalapo, palibe amene ankadziwa kumene abambo anali. Anamusambitsa, n'kumukulunga m'sanda yoyera, kamtolo kakang'ono kwambiri moti sanafunenso chonyamulira. Amalume anamunyamula m'manja, ashehe ali patsogolo, amuna okhaokha pambuyo. Ife akazi tinatsala pakhomo monga mwa mwambo. Ndinaima pakona ya nyumba kuyang'ana misana yawo mpaka inabisika kuseri kwa migwalangwa. Ntchito imeneyo inali ya abambo, ndipo mudzi wonse unaona amene anaigwira.

Ndinasiya kuloza pamapu. Aphunzitsi anafufuta okha mzere uja. Komabe ndinkadikira, chifukwa mumtima mwanga ndinkakhulupirira kuti abambo akabwera zinthu zina zibwerera m'malo mwake. Sindinkadziwa kuti ziti.

Galimoto zinabwerera masana ena, zitafiira ndi fumbi la ku Mozambiki, ina itakwezedwa pangolo. Azungu aja ankaoneka otopa koma okondwa. Ndinathamangira kumsewu osavala nsapato. Lole inabwera pamapeto ngati kale, koma pachiwongolero panali mwamuna wina wandevu amene sindinamuonepo. Ndinaithamangira mpaka pageti la hotela, mlonda n'kundibweza. Madzulo ake uthenga unafika kwa amalume: pobwerera, atatsala pang'ono kufika pamalire, abambo anaimitsa lole, anapereka makiyi kwa makaniko wa gululo, anatenga kachikwama kawo n'kulowa njira ya kutchire wapansi. Anati adzabwera pambuyo. Mwini hotela anati ntchito yawo yatha.

Amalume anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, ndipo iwo ananena kalekale kuti munthu wopanda mudzi sapatsidwa mkazi. Pachitsime amayi ena ankanong'ona kuti ali ndi banja lina kutsidya kwa malire. Anzanga amene ndinkadzitama pamaso pawo aja anayamba kuliza lipenga ndi pakamwa ndikamadutsa. Amayi anamva zonsezo. Ankangokhala pakhonde, mkaka ukudontha n'kunyowetsa bulauzi.

Abambo anafika mango atayamba kupsa. Anabwera wapansi kuchokera pasiteji, ataonda, milomo itang'ambika, nsapato imodzi itamangidwa ndi luzi. Za malirowo anali atazimva kale kwa msodzi wina amene anakwera naye matola. Sanalowe m'nyumba. Anapempha mnyamata wina kuti akawaonetse pamanda, ndipo anakhalako mpaka dzuwa linapendeka. Atabwerako anapeza amalume akuwadikira pabwalo, anthu atazungulira.

"Alamu," anatero amalume, "mwana wanu ndinamunyamula ine. Dothi ndinathira ine. Inu munali kuti? Tiuzeni pano, anthu onsewa amve."

Abambo anangoti, "Ndalakwa, alamu."

Ndinawakwiyira kwambiri chifukwa cha mawu awiri amenewo. Ndinkafuna anene kuti anagwidwa ndi asilikali, kapena anadwala, kapena anasochera. Chilichonse chimene ndikanapita nacho kusukulu.

Banjalo silinathe tsiku limenelo. Linatha pang'onopang'ono, ngati chithaphwi m'chilimwe. Abambo analima munda wa amayi mpaka kumaliza mizere yonse, koma pamudzipo palibe mwamuna amene ankakhala nawo pamkeka. Iwo ndi amayi ankalankhulana mwaulemu ngati alendo. Mvula yoyamba itagwa ananyamuka kukafuna ntchito ku boma, ndipo sanabwererenso kudzakhala. Poyamba ankabwera pa Idi ndi kathumba ka mpunga. Kenaka ankangotumiza.

Ndinali nditakula, ndili ndi mwana wangawanga, pamene ndinawafunsa. Ndinawapeza pa Mangochi akulondera sitolo ya zitsulo, maso atayamba kuchita khungu. Anandiuza mosazungulira, ngati akunena za munthu wina. Tsiku limene mudzi wawo unaotchedwa, iwo anathawira kumadzulo, mayi awo ndi kamlongo kawo anathawira kuphiri. Sanawaonenso. Zaka zonsezo ankaopa kubwererako, chifukwa malinga ngati sanapite, mayi awo anali moyo. Popita ndi azungu aja anazindikira phirilo ali pachiwongolero, koma sakanatha kuima. Pobwerera anatsika. Pamene panali mudzi anapezapo mitengo ya mango ndi udzu wofika m'khosi. Nkhalamba ina ya mudzi woyandikana inawauza kuti mayi wa dzina limenelo anaonekapo kwinakwake nkhondo itatha, ndipo iwo anayenda mudzi ndi mudzi kutsata mphekeserayo. Kulikonse ankawalozera patsogolo. Pomaliza anapeza mayi wa dzinalo, koma anali munthu wina. Sanapeze mayi awo, sanapezenso manda.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere zimenezi pabwalo paja. Anati, "Ndikananena kuti chiyani, mwanawe? Kuti ndinasiya mwana wamoyo kukafuna munthu amene mwina anafa kalekale? Amalume ako sananame." Anandiuzanso kuti amayi ankadziwa kuyambira pachiyambi, ndipo ndiwo anawauza kuti apite, poti mwayi wotere sudzabweranso ndipo mwanayo apeza bwino. Amayi anamwalira osandiuzapo zimenezo. Mpaka lero sindidziwa kuti mwa awiriwo ndani anasenza katundu wolemera, ndipo ndinasiya kuyesa kuwaweruza.

Koma pali chimene ndinaona ndi maso anga tsiku limene abambo anabwerera, anthu atabalalika pabwalo. Analowa m'nyumba, ine ndili pakhomo. Anatsegula kachikwama kawo n'kutulutsa chitenje chatsopano, chabuluu cha maluwa oyera, chopindidwa bwino, pepala la kusitolo lidakali pomwepo. Anachiika pamphasa pakati pa iwo ndi amayi. Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana abambo, ndipo abambo anapukusa mutu pang'ono. Pamenepo amayi, amene maso awo anali ouma kuyambira tsiku la maliro, anagwira pakamwa n'kuyamba kulira. Atatha anatenga nsaluyo n'kuiika pansi penipeni pa sutukesi.

Ine ndinaganiza kuti inali mphatso ya amayi yochokera kunyanja yamchere, ndipo ndinkadabwa kuti munthu angalirire bwanji chitenje chokongola chotero. Pa Idi iliyonse ndinkawakakamiza kuti achivale, iwo n'kumangoti si chawo. Ndinkayesa kuti akukana chifukwa chokwiyira abambo, ndipo mumtima ndinkawavomereza. Sizinandifikepo m'mutu kufunsa kuti ngati sichinali chawo, abambo anagulira yani, nanga chinabwereranji chili chopindidwa.