Masokosi a Ababa

Dzulo mdzukulu wanga anabwera kuchokera kusukulu akunyinyirika kuti aphunzitsi amuuza "pulapu yo sokosi." Akuti m'Chingerezi kumeneko n'kunena kuti limbikira. Ine nkhope inangoti lende.

Ndili kamtsikana ndinkawapititsira ababa mbatata kumunda wa tiyi. Tsiku lina bwana wachizungu anasuzumira m'dengu lawo, n'kuwalankhula mawu omwewa. Kapitawo anamasulira akumwetulira: "Akuti mukweze masokosi, apo ayi ntchito yatha."

Ndinayang'ana mapazi a ababa, aming'alu, ofiira ndi matope. Munthu wopanda ndi nsapato zomwe, masokosiwo akanawatenga kuti?

Nditafika kunyumba ndinadula mikono ya juzi yanga, imodzi yokhayo, kunja chiperoni chikuwaza. M'mawa mwake ndinakawapeza pamzere wa sikelo yoyezera tiyi, ndinagwada.

"Ababa, valani, asakuchotseni."

Mzere wonse unafa nacho chiseko. Mayi wina anakuwa, "Akweze mpaka m'khosi, awapatse ukapitawo!"

Ababa sanaseke. Anatula dengu, anakhala pansi n'kuvala bwinobwino, mwendo uno, mwendo uwo.

Kenako anandiuza, "Zikomo, amayi. Kazipitani, kukuzizira."

Dzina loti Amasokosi analowa nalo m'manda, koma sanandiuzepo n'kamodzi komwe chimene anthu aja ankaseka.