Mbalame Ziwiri, Mzere Wofiira Umodzi

Ndikukumbukira tsiku limene a Tembo, aphunzitsi athu a giredi faifi ku Mphuka, ananditcha wabodza pamaso pa kalasi yonse. Pepala lake ndili nalo, m'sutikesi momwe ndimasungamo makalata anga onse.

Anatituma kulemba mbalame zopezeka pafupi ndi sukulu. Ine ndinalemba zisanu ndi ziwiri. Ziwiri mwa izo zinali timbalame tofiirira, tamadontho pachifuwa, tothamanga pansi. Maina sindinkawadziwa, ndiye ndinalemba kulira kwake: kena "chisiki", kena "zwiiti".

"Iwe, iyi ndi mbalame imodzi. Wailemba kawiri kuti upose anzako," anatero akudula ndi bolopeni yofiira.

"Ndi ziwiri, aphunzitsi. Amayi anandionetsa poinga mbalame m'mapira."

Kuyankha kumeneko kunali mlandu wa zikoti zisanu ndi chimodzi. Anathyola ndodo ya mtsanya nati, "Tiye ukationetse. Uziyang'ana kumbuyo, maso ako asakuthandize."

Tinatsikira kudambo loloza ku Zambezi. Unali Okutobala, nthaka ikuwotcha mapazi, fungo la lupsa lili m'mphuno. Anandiimika chofulatira, anzanga n'kuyamba kuyenda m'maudzu kuti mbalame ziuluke. Ndinati ya "chisiki" ikauluka imateranso pansi, ya "zwiiti" imathawira mumtengo.

Yoyamba inauluka osalira. Ndinangomva mapiko.

"Imeneyo ndi iti, katswiri?"

Popanda kulira kwake sindikanaizindikira. Ndodo ya a Tembo inkagunda pang'onopang'ono pa buluku lawo.

Yachiwiri inalira. "Itera pansi," ndinatero. Anzanga anati yatera. A Tembo anati zimenezo angalote aliyense. Tinasendera kumitengo, tinadikira mpaka miyendo kuwawa. Kenako kunamveka kaphokoso kotulukira ngati m'mphuno.

"Mumtengo," ndinatero.

Mtsikana wina, Esinati, ndiye anayankhula: "Ili panthambi, aphunzitsi."

A Tembo anaponya ndodo m'tchire nati tibwerere, nthawi ya masamu yakwana. Sanandikwapule. Komanso sanakonze pepala.

Lero mdzukulu wanga amangokweza foni m'mwamba, iyo n'kumuuza dzina la mbalame, iye osatchera khutu n'komwe. Ndinapita naye kudambo lomwe lija chaka chatha, ndipo foniyo inatchula maina awiri. Ndinamuuza awalembe m'munsi mwa pepala langa, aikepo deti ndi kusaina. Pamwamba pakadali malikisi asanu ndi limodzi. Anayenera kukhala asanu ndi awiri.