Kanjira ka Mayi Anastaziya

Abale anga mwa Khristu, a Padiri atandipempha kuti ndilembe m'kalata ya parokia yathu za mmodzi mwa okhulupirira amene anatsogola, sindinachedwe kusankha. Ndinali nditangobwera kuchokera kunja kumene ndinakalambira. Ku Cuamba, mzinda umene ndinausiya ukutchedwa Nova Freixo, ndinatsika sitima n'kupeza kuti woyenda pansi alibe pake. Njinga zamoto uku, magalimoto a katundu uku, fumbi m'kamwa, mthunzi wopumirapo osauona. Nditaima m'mbali mwa msewu ngati mbuzi yosokera, amene anandibwerera m'mutu ndi mayi Anastaziya.

Mayi Anastaziya anabadwira kufupi ndi Itepela, m'banja la alimi a chimanga ndi fodya. Amayi awo anamwalira iwo akuyamwa, ndipo analeredwa ndi azakhali awo. Anabatizidwa ku Massangulo, komwe ankapita wapansi pa masiku aakulu a mpingo, nsapato alibe. Sukulu sanapite nayo patali, koma mapemphero onse anali pamtima. Atakula anakwatiwa ndi bambo Bernado, munthu wofatsa, ndipo Mulungu anawasiyira mwana mmodzi wamoyo, Samuele.

Ana a lero sadziwa kuti kudzutsa inali ntchito ngati kulima. Kukacha, munthu asanagwire khasu, ankayamba waima pakhomo la mnzake n'kuodira, kufunsa mmene wadzukira, mmene wagonera wodwala. Njira za m'midzi yathu sizinajambulidwe ndi munthu, zinapondedwa ndi moni ameneyu. N'chifukwa chake zinali zokhotakhota: zinkapatukira kwa nkhalamba, kuzungulira mtengo, kutsikira kuchitsime. Anastaziya akali mtsikana ankanyozedwa kuti mame onse a m'mudzi amathera m'miyendo mwake.

Nkhondo ya ufulu itafika kwathu, asilikali a Chipwitikizi anasonkhanitsa midzi yambiri n'kuitsekera mu alideyamentu, mudzi watsopano wozingidwa ndi waya waminga, kuti tisadyetse ankhondo a kutchire. Ife tinkangoutcha Linya, kutanthauza mzere, poti zonse zinali pamzere. Ndinali mphunzitsi pa kasukulu ka mkatimo, choncho izi ndinaziona ndi maso anga. Misewu inali yotakata, yoyezedwa ndi chingwe kuti galimoto ya asilikali itembenuke bwino. Mitengo anaigwetsa yonse kuti mlonda aone patali. Makomo onse ankayang'ana mbali imodzi, kotero ukatuluka m'nyumba unkaona msana wa nyumba ya mnzako. Chitsime chinali kumapeto kuno, kapela kumapeto uko. Abale anawamwaza dala, woyandikana naye n'kukhala mlendo, ndipo mlendo aliyense tinkamuyesa kazitape. Moni unatha. Ndakhala m'mizinda yaikulu ya azungu, ndawerenga mabuku a akatswiri omanga mizinda, koma sindinaonenso malo pamene anthu anathithikana chotero n'kukhala okhaokha chotero.

Tsiku lina ntchentche ndizo zinatiuza kuti agogo Andreya, mkulu wa mpingo wakale, anafa kalekale m'nyumba mwawo. Anthu ankadutsa pamsewu wotakata uja tsiku ndi tsiku, koma palibe anali ndi chifukwa chopatukira. Pobwera kumanda Anastaziya sanalire mokweza. Anangoti, “Amene anatiphunzitsa Atate Athu tawataya ngati galu.”

M'mawa mwake anayambanso kudzutsa. Sanatsate misewu ya chingwe, ankadutsa pakati pa nyumba, khomo ndi khomo, kulikonse kumene ankadziwa kuti kuli nkhalamba kapena wodwala. Ulendo wake unkathera kunyumba yomaliza, pafupi ndi waya, kwa agogo Rukia, mayi wamasiye wa Chisilamu, Myao wopunduka mwendo, amene abale ake onse anatengedwera ku alideyamentu ina.

“Odi kuno! Ajimwiche uli, agogo?” ankaodira m'Chiyao chake chothyokathyoka.

“Iwe mwana wa a Padiri, wabwera kudzaona ngati ndafa?”

“Ndabwera kudzaona ngati mwasiya mwano.”

“Ndiye ubweranso mawa, sindinasiye. Ndipo Chiyao chakocho uzichisiya panja, chikundidwalitsa mutu.”

Koma tsiku lina agogowo anamugwira dzanja osaseka. “Mwanawe, imfa sindiiopa. Ndikuopa zija za Andreya. Ndisadzapezeke ndi ntchentche.” Anastaziya anawalonjeza kuti dzuwa silidzakwera iwo asanaodiridwe.

Kuti agogo Rukia ndi anzawo azitha kufika kuchitsime, Anastaziya ankagubuduza miyala ndi zitsa n'kuziika m'mbali mwa njira yake, pamene paliponse nkhalamba inkaima kupuma. Pambali pa mwala uliwonse ankakwirira njere ya mango, n'kuibisa ndi masamba a maungu chifukwa kubzala mtengo kunali koletsedwa. Ankakonda kunena kuti, “Mudzi umayezedwa ndi mwendo wa nkhalamba.” Mvula isanagwe kachiwiri, kanjira kokhotakhota kanali kataoneka poyera, kodula mizere yonse ya Linya.

Asilikali anakaona. Kwa iwo njira yosalamulidwa yolunjika kuwaya inali njira yopatsira chakudya adani. Msipayi wina, wapolisi wachikuda wa Apwitikizi, dzina lake Estêvão, mwana wa kwathu komweko, anamuimitsa Anastaziya pamaso pa anthu.

“Mayi, njira iyi ikupita kuti?”

“Kwa agogo Rukia, bambo.”

“Nanga kuchoka apo?”

“Kuchoka apo ndi kwa Mulungu. Agogowo akalamba.”

Ena anaseka, ndipo kusekako kunamuonjezera chilango. Anamumenya m'manja ndi mbalamatodya, thabwa lija la mabowo, mpaka zikhato zinatupa ngati mikate. Timitengo timene anatipeza anatizula. M'mawa mwake ndinamuona akudutsa kuseri kwa sukulu, manja atawanyamula pachifuwa, kolona itapachikidwa m'khosi poti zala sizikanatha kuigwira. Ankapita kukadzutsa.

Kuyambira pamenepo anthu anamuthawa. Ambiri akamva odi wake ankakhala chete m'nyumba mpaka adutse. M'kapela, mphasa imene ankagwadapo inkatsala ya iye yekha. Sanadandaule kwa munthu. Ankangokwirira njere zina.

Kenaka bambo Bernado anapeza mpata wothawira ku Malawi kudzera cha ku Mandimba, ponamizira kupita kumunda.

“Amake Samuele, mangani kansalu. Tikachedwa, mwanayu amutenga usilikali.”

“Pitani naye, abambo ake. Ine ndikutsatani.”

“Liti?”

“Agogo Rukia akapita.”

“Nkhalamba imene ija? Ija idzatiika tonse! Si mbale wanu, si wa mpingo wanu. Mukusiya banja chifukwa cha moni?”

“Ndinawalonjeza. Mukafika muzimukumbutsa mwanayu kupemphera.”

Anawaperekeza mpaka pachipata, dengu lili pamutu ngati tsiku lina lililonse, n'kubwerera. Posakhalitsa nanenso ndinachoka, ndipo zotsatirazi anandiuza ndi bambo Chabane, amene lero amagulitsa nsomba zouma pamsika wa pamalopo.

Bambo Bernado ananena zoona, agogo Rukia anakhalitsa. Nkhondo inatha, waya anaudula, anthu anathamangira kumabwinja a makolo awo. Agogowo sakanatha kuyenda ulendo wotero, ndipo abale awo sanamvekenso. M'mudzi wa nyumba mazanamazana munatsala utsi wa nyumba ziwiri, ina kumapeto kuno, ina kumapeto uko. Akuti Anastaziya anawapempha kuti asamukire kwake, koma agogowo anakana. “Ukandisunga m'nyumba mwako udzaodira kwa yani? Yenda, miyendo ingaume.” Ndiye ankayenda, pakati pa madenga akugwa ndi makomo opanda zitseko, kuthirira timitengo take, kupemphera kolona mokweza kuti amveko mawu a munthu. Bambo Bernado anatumiza uthenga kawiri, kenaka anakwatira komweko. Atamva, Anastaziya anangoti, “Munthu sangadye yekha mpaka kale,” n'kupitiriza kuwatchula m'mapemphero.

M'mawa wina odi wake anayankhidwa ndi mawu otsika. Analowa n'kuwapakata agogowo.

“Wachedwa, mwana wa a Padiri.”

“Sindinachedwe, agogo. Dzuwa silinatuluke.”

“Ndiye ndine ndafulumira.”

Anatsirizika m'manja mwake. Anastaziya anawafunditsa bwino, n'kuyenda mtunda wautali kukaitana Asilamu kuti adzawaike mwa mwambo wawo. Mmodzi mwa amene anabwera anali bambo Chabane, ndipo akuti mango oyamba amene anadya pamalopo anawadya tsiku limenelo.

Lonjezo linali litatha, koma kopita kunalibenso. Anakhala. Nkhondo ina inadzadutsa, anabisala kutchire n'kubwereranso. Samuele anadzamuona ali kale bambo wa ana, koma Anastaziya anakana kumutsata, akuti mitengo ina ikadali yaing'ono. Mtendere utabwera, anthu ofuna malo anayamba kufika. Misewu yotakata ija inali itasanduka zigwembe za madzi a mvula, choncho aliyense anamanga pamene panali mthunzi, khomo kuyang'ana kanjira. Lero mukatsika pamsewu wa ku Massangulo mudzapeza kapela, mzikiti, chitsime ndi msika zili pa kanjira kamodzi kokhota, ndipo nkhalamba imafika ponsepo ikupuma pamiyala. Kunja kuja ndinasiya akatswiri akuchita misonkhano ya mmene angamangire mizinda yoti munthu aziyendamo wapansi. Kuno ndapeza tikugwetsa mitengo kuti msewu ukule. Ndamva kuti enanso akufuna kuwongola kanjira ka mayi Anastaziya kuti galimoto izifika pamsika. Akhristu anzanga, musanasolole nkhwangwa, kafunseni za amene anabzala mitengo yake ndi manja otupa.

Mayi Anastaziya atakalamba kwambiri, miyendo inakana. Ankakhala pakhonde, kolona m'manja, ndipo tsopano anthu ndiwo ankapatukira kwa iwo. Lachisanu lina analandira Ukalistiya kuchokera kwa katekisita, nati, “Ndatopa bwino.” M'mawa mwake mayi Cecília, oyandikana nawo, anaima pakhomo asanapite kumunda.

“Odi, agogo! Mwadzuka bwanji?”

Anaodira kachiwiri, n'kukankha chitseko. Anawapeza atagona chammbali ngati mwana, kolona itakulungidwa m'zala, thupi likadali lofunda. Mayi Cecília akuti atatuluka kukaitana anthu, mame anali asanaume pa kanjira.

Ambuye awapatse mpumulo wosatha mayi Anastaziya, ndipo ife otsala atipatse miyendo yopatukira kwa anzathu dzuwa lisanakwere.