Ndinawalanda Kapu Apongozi

Masukulu onse amene ndinkafuna kulowa ankanena chinthu chimodzi: usanapemphe malo, uyambe wakhala pambali n'kuonerera akatswiri akugwira ntchito, iwowo akusainire kuti unaonadi. Ndiye chaka chimenecho, masamba atayamba kuyoyoka m'mitengo, Lachiwiri lililonse ndinkapempha tchuthi kuntchito, n'kuchoka ku Lanham, kumene timakhala kunja kuno, kupita ku chipatala china cha ku Fairfax. Msewu waukulu wopita kumeneko m'mawa umakhala wosayendeka. Ndinkafika nditatopa kale, ntchito yake yongokhala n'kumayang'ana.

Ku Malawi ndinali mphunzitsi wa pulayimale. Kuno ndinapeza ntchito yothandizira mphunzitsi m'kalasi ya ana aang'ono, ndipo kumeneko n'kumene ndinaona mayi wina wobwera ndi chikwama cha zidole, amene ankakhala pansi ndi ana osatha kulankhula mpaka mawu atatuluka. Ndinasirira. Ndinati nanenso ndikachite digiri yachiwiri ya ntchito imeneyi. Amuna anga anaseka mpaka misozi.

"Iwe wolongolola chonchi, ukufunanso digiri yoti uziphunzitsa ena kulongolola? Tithawira kuti ife?"

Ndinawasiya aseke. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinachita makosi oyambirira pa kompyuta, ndinapempha aphunzitsi awiri kuti andichitire umboni, ndinalemba nkhani yofotokoza chifukwa chimene ndikufunira maphunzirowo. Nkhani yanga inali ya ana achibwibwi amene ndinkawaphunzitsa ku Dedza. M'mutu mwanga ntchito yonseyi inali ya ana, zidole ndi nyimbo.

Nthawi imeneyo m'nyumba mwathu munali apongozi anga, makolo a amuna anga. Ine ndimawaitana Ababa ndi Amayi. Anabwera kudzaona zidzukulu, ulendo wa miyezi yochepa, koma Ababa anagwa m'bafa ndi sitiroko. Anatuluka m'chipatala mbali yakumanja itafa, mawu akutuluka amodziamodzi. Amuna anga ndi amene analankhula ndi madokotala, ndipo anabwera ndi chitini cha ufa woyera. Zonse zimene anauzidwa kumeneko anazifinya n'kukhala mawu ochepa: "Akuti tiziika ufawu m'zakumwa za Ababa." Basi. Amuna akwathu akamasulira nkhani ya kuchipatala, amasiya yambiri panjira.

Ufawo ukauthira m'madzi, madziwo amalimba n'kumananda ngati therere. Ababa ankangolawa n'kutembenuza nkhope. Amayi anapirira sabata imodzi, kenaka anati zachizungu izi n'zankhanza. Munthu amene anagwira ntchito ya njanji moyo wake wonse, wozolowera tiyi wamkaka nthawi ya folo koloko, lero azimwa phala la madzi? Anayamba kuwapatsa tiyi weniweni. Ankamuuzira, n'kuwagwirira kapu pakamwa pang'onopang'ono. Tonse tinkaona, ndipo tonse tinkaganiza mofanana: munthu chikamulowa kolakwika amatsokomola. Ababa sankatsokomola. Ankangokhala ndi kachifuwa kosatha ndi thupi lotentha madzulo, ife n'kumati ndi kuzizira kwa kuno.

Lachiwiri lina katswiri amene ndinkamutsatira, mayi wamfupi woyenda mofulumira, anandiuza kuti lero sitipita kwa ana. Ananditengera ku chipinda chojambulira za m'thupi, n'kundiveka chovala cholemera ngati thumba la mchenga. Apa m'pamene ndinadziwa bwinobwino kuti theka la ntchito imene ndinkaipemphayo si kulankhula ayi, koma kumeza. Ndinali nditawerengapo m'buku, koma zinangondidutsa.

Pampando panali bambo wina wachikulire amenenso anadwala sitiroko. Pa kanema panaoneka mutu wake cham'mbali: chigaza, nsagwada, mafupa a khosi. Anam'patsa chakumwa chothira mankhwala oti chizioneka chakuda pa kanemapo. Anamwa. Ndinaona chakudacho chikutsetsereka pa lilime, chikufika pakhosi, kenaka chikugawikana. China chinapita kumbuyo, njira ya kumimba. China, kamzere kowonda, chinatsikira kutsogolo.

"Waona?" anatero mayiyo motsitsa mawu. "Kutsogoloko ndi njira ya mpweya. Zikupita kumapapo."

Ndinayang'ana bamboyo, kudikira kuti atsamwe. Anali phee. Anamwetulira namwino n'kupempha kuti amuwonjezere.

"Nanga bwanji sakutsokomola?"

"Sakumva. Matendawa anapha kumva kwa pakhosi. Ambiri timawadziwa atabwera kale ndi chibayo."

Ndinakumbukira Ababa ndi tiyi wawo wa folo koloko. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Sindikumbuka kuti ndinatsanzika bwanji, ndipo pepala langa la tsikulo sanandisainire chifukwa ndinaliiwala pa tebulo. Ndinaimba foni kunyumba, osayankhidwa. Amayi foni ikalira ankangoiyang'ana. Amuna anga anali pa msonkhano. Ndinakhala m'galimoto pa mzere wosasuntha, ndikumenya chiwongolero ndi kutukwana anthu osalakwa.

Nditatsegula chitseko ndinapeza nsapato za alendo. Pabalaza panali amayi awiri a kutchalitchi kwathu odzazonda wodwala, wina wa ku Zomba, wina wa ku Lusaka. Ababa anali pampando wawo, thaulo pachifuwa. Amayi anali atagwada pambali pawo, kapu ili kale pa milomo.

Sindinapereke moni. Sindinavule nsapato, sindinagwade, jekete lili m'thupi. Ndinangodutsa pakati pa alendo n'kulanda kapu ija m'manja mwa apongozi anga. Tiyi anakhavukira pa chitenje chawo.

Ngakhale ine ndinadzidabwa, nditaima pamwamba pa akuluakulu, kapu ya eni ili m'manja mwanga. Amayi anayang'ana chitenje chawo, kenaka anandiyang'ana ine, manja awo akadali m'mwamba ngati akugwirabe kanthu.

"Awe shuwa," anatero mayi wa ku Lusaka uja m'kalankhulidwe ka kwawo. "Ni chani ichi? Manzi sibamukana munthu, mwana wanga. Olo mdani wako."

Ndinayamba kufotokoza, koma mawu ankatuluka osokonekera, Chichewa ndi Chingelezi pamodzi. Mapapo, njira ziwiri, kanema. Amayi anadzuka pang'onopang'ono n'kupukuta chitenje.

"Apongozi, bambo awa ndinayamba kuwaphikira tiyi inu musanabadwe. Lero ndikufuna kuwapha?"

Ababa anatambasula dzanja lawo lamanzere kuloza kapu. Ndinapita nayo kukhitchini n'kukhuthulira mu sinki, iwo akuona.

Nkhani siigona panjira. Kusanade, ya ine inali itafika kale ku Balaka. Alamu anga, achemwali a amuna anga, anatumiza mawu pa foni: "Tamva kuti Ababa mukuwamana madzi. Ngati mwatopa nawo, atumizeni kuno adzafere kwawo." Kutchalitchi ena anayamba kunditchula dokotala wa pakhosi, akumwetulira kumene. Kwathu munthu womana wodwala madzi sitim'patsa dzina labwino, ndipo dzinalo ndinkaliona m'maso mwa anthu ngakhale sankalitchula. Amuna anga anagwira njakata. Anavomera kuti madokotala ananenadi za mapapo, kungoti iwo sanafune kuwaopseza Amayi. Koma anawonjezera kuti, "Komabe ukanayamba wapereka moni. Sukuluyo sunayambe n'komwe."

Ndinapsa mtima kwambiri. Ketulo ndinaibisa m'galimoto. Ndinkapita nayo kuntchito n'kubwera nayo, mayi wamkulu ndithu kumayenda ndi ketulo mu buti. Amayi ankawiritsa madzi m'poto. Tinakhala choncho m'nyumba imodzi, moni wa m'mawa wokha, wina akalowa kukhitchini wina n'kutuluka. Madzulo ndikakhala pa kompyuta kudzaza mafomu a masukulu, ndinkatchera khutu kumva ngati supuni ikulira m'kapu.

Kenaka thupi la Ababa linatentha kuposa kale, kupuma kukumveka ngati madzi akubwata pansipansi. Chinali chibayo. Anagonekedwa m'chipatala cha kufupi ndi kwathu, ndipo atayamba kupeza bwino madokotala anati awajambulenso pomeza. Ndinauza amuna anga kuti ulendo uno palibe womasulira mwachidule, Amayi akaone okha ndi maso awo. Ndinena zoona, mumtima ndinkafuna kuti ndioneke wolondola. Ndinkafuna alamu anga, amayi a kutchalitchi ndi onse onditcha maina adziwe kuti sindinapenge.

Anatilola kuima kuseri kwa galasi. Amayi anavala duku lawo la kutchalitchi. Mutu wa Ababa utaoneka pa kanema, mafupa okhaokha, anagwira pakamwa.

"Mayo! Ndi iwowo amenewa?"

"Ndi iwowo, Amayi."

Anayamba kuwapatsa cholimba chija. Chinatsika bwinobwino njira ya kumbuyo. Kenaka anawapatsa chamadzimadzi, supuni imodzi yokha. Kamzere kakuda kanapatuka n'kutsikira kutsogolo, monga ndinaonera kwa bambo wa ku Fairfax uja. Katswiri wa kumeneko anayamba kufotokoza, koma Amayi sanamuyang'ane. Anatembenukira kwa ine, koyamba patapita masabata ambiri.

"Kutsogoloko ndi kuti?"

"Ndi kumapapo."

"Nanga osatsokomola?"

"Sakumva, Amayi. Pakhosipo panafa."

Anayang'ananso kanemayo. Kuseri kwa galasi Ababa anali atakhala mwaulemu, akunyambita milomo. Amayi anayamba kuwerenga zala, sindikudziwa ngati ankawerenga miyezi kapena makapu, kenaka anasiya.

"Ndiye tiyi yense uja, ine ndimangowamiza?"

Ndinali nditakonzekera tsikuli ndi mawu ambiri. Onse anathawa. Ndinafuna kunena kuti ayi, koma chithunzi chinali pomwepo. Ndinati simunkadziwa, tonse sitinkadziwa. Iwo anangogwedeza mutu, n'kukhala pa mpando umene namwino anawakokera. Sanalire. Ndikanakonda akanalira kapena kunditukwana.

Sabata yotsatira ndinayesa kulembanso nkhani yanga yopempherera malo. Anthu amati masukuluwa amafuna nkhani yochokera pansi pa mtima, ndipo iyi ndinali nayo m'nyumba. Ndinalemba, ndinafufuta, ndinalembanso. Nthawi iliyonse inkatuluka ngati ya mayi wanzeru amene anapulumutsa apongozi ake kwa nkhalamba yosadziwa, ndipo ndikaiwerenga ndinkachita manyazi. Tsiku lotsiriza kulandira mafomu litayandikira mu Januwale, ndinatumiza ya ana achibwibwi ija. Pa intavyu, atandifunsa kuti ndikufuna kudzagwira ndi ana kapena akuluakulu, ndinayankha kuti sindikudziwanso.

Ababa anabwerera kunyumba. Ketulo ndinaibweza pamalo pake. Alamu anga anasiya kutumiza mawu, ndipo mayi wa ku Lusaka uja anabwera ndi chitini china cha ufa, akuti anachipeza chotchipa. Palibe anapepesa, inenso sindinafunenso. Chifuwa cha Ababa chinatha, anayamba kunenepa pang'ono.

Koma Amayi anasiyiratu kuwapatsa chakumwa. Ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwadzoza mafuta, kuwawerengera Masalimo. Kapu yokha ayi. Ndikakhala kuntchito ankadikira namwino wobwera masana, kapena amuna anga. Ndinawaonetsa kangapo muyeso wake, supuni zingati pa kapu, kutakasa mpaka liti. Ankayang'ana bwinobwino n'kunena kuti amva. Ababa akapempha, iwo ankapita kukaitana munthu.

Loweruka lina mu Malichi ndinali m'chipinda cham'mwamba ndikupinda zovala pamene foni inalira. Inali imelo yochokera ku imodzi mwa masukulu aja. Ndinawerenga mzere woyamba kawiri, ndinakhala pa bedi. Ananditenga. Ine, wa zaka makumi anayi ndi kuposerapo, ananditenga! Nthungululu inali itafika kale pakhosi pamene ndinamva mawu pansi pa masitepe.

"Apongozi, tatsikani. Akufuna madzi."

Ndinatsika foni ili m'manja. Kukhitchini zonse zinali zokonzeka: kapu ya madzi, chitini chotsegula, supuni pambali. Amayi anaima pafupi, manja atapinda m'chitenje. Pabalaza Ababa ankabwereza mawu awo amodzi aja, "Madzi. Madzi."

Ndinaika foni pansi. Ndinatenga supuni n'kuiika m'dzanja la Amayi, n'kufumbatitsa zala zawo ndi zanga.

"Amayi, mukudziwa kale. Ine ndiima pompano. Apatseni ndinu, akondwa."

Anaiyang'ana supuniyo. Anaibweza pa tebulo mosamala.

"Ayi, mwanangu. Manja awa sindikuwakhulupiriranso."

Ndinatakasa ndekha. Ndinagwada pambali pa mpando wa Ababa, n'kuwagwirira kapu. Anamwa pang'onopang'ono, osakana, koma sanandiyang'ane ine. Maso awo anali pa Amayi, amene anaima pakhomo la khitchini, osayandikira. Za sukulu sindinauze munthu tsiku limenelo.